Thanki ya Peugeot 404 ya malemu bambo yadyeka ndi dzimbiri, ndiyambire pati?

Wa404_Chibavi analemba:

Moni nonse muno. Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga mwakachetechete, koma lero zandifika pakhosi, ndiye ndati ndifunse.

Malemu bambo anandisiyira Peugeot 404 ya pikapu, yoyera, imene ankanyamulira usipa kuchokera ku Nkhata Bay ndi mpunga wa ku Karonga ine ndili kamnyamata. Atatisiya, galimotoyo inakhala zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba kuno ku Chibavi mu Mzuzu, mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala. Abale ena ankati tingoigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo aja, koma ine mtima unakana. Ndinaphunzirira kuyendetsa pa galimoto imeneyi, magiya ake a pachiwongolero aja, bambo akundimenya dzanja ndikalakwitsa.

Chaka chatha ndinayamba kuidzutsa pang'onopang'ono, malipiro akalola. Batire, mapulagi, mabuleki, matayala akaunjika. Injini inalira tsiku lachiwiri lokha, moti anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Vuto linayamba nditalowa nayo pamsewu. Pamalo osalala imayenda bwinobwino, koma ndikangoyamba chitunda, ngati popita ku Kaning'ina, imayamba kutsokomola kenako zii, yazima. Ndikadikira mphindi khumi imaliranso ngati palibe chachitika. Fyuluta ya mafuta ndasintha katatu m'masabata awiri, ndipo iliyonse imatuluka yodzaza ndi tinthu tofiirira ngati masamba a tiyi otsalira m'ketulo. Kabuleta yake, Solex ija, makaniko waitsuka kawiri. Kenako tinayamba kumva fungo la petulo pakhomo m'mawa uliwonse, pansi pa bodi kumbuyo pakuoneka kadontho pa dothi.

Loweruka ndinatsitsa thanki ndi mphwanga. Titaigwedeza imalira ngati chisekese cha kutchalitchi. Ndinachotsa chija cha geji chokhala ndi choyandama, ndikuunika mkati ndi tochi ya foni. Abale anga, mkatimo ndi mofiira ngati dothi la ku Masasa. Pansi pake ndapeza timabowo tiwiri tonga pobaya singano, ndipo pozungulira timabowoto chitsulo chikuoneka chopyapyala, ndikakanikiza ndi chala chachikulu chikuvomera.

Panopa ndikuyendera chigubu cha malita asanu chimene ndamangirira kuseri kwa mpando, paipi ndaipititsa pansi mpaka pa pampu. Ndikudziwa, musandikalipire, akunyumba andikalipira kale ndipo anenetsa kuti iwo ndi ana sakweramo mpaka chigubucho chichoke.

Malangizo ndalandira ambiri moti mutu wazungulira. Wowotcherera wina wa mbali ya ku Luwinga akuti ndibweretse, angoitsuka ndi madzi n'kuika chigamba, ntchito ya ola limodzi. Mnzanga wa kuntchito akuti ndithiremo asidi wa batire, dzimbiri lonse lithera pompo. Mlamu wanga akuti Coca-Cola kireti imodzi. Mphwanga akuti timate Pratley, phala louma gwa lomatira zitsulo lija, kunja basi, zamkati tisiye fyuluta izigwira ntchito yake. Thanki ina ya 404 ndafunsa m'mashopu a zipangizo m'tauni muno, ena mpaka amandifunsa kuti 404 ndi chiyani.

Ndiye funso langa ndi ili: thanki imeneyi ingapulumuke? Ngati ingapulumuke, ndiyambe ndi chiyani, kutseka mabowo kapena kutsuka mkati? Amene munachitapo ndi manja anu ndi amene ndikufuna kumva kwa inu, safunsa anadya phula.

MadalaRedieta analemba:

Mwana wanga, ndiyambe ndi chimene chandidzutsa pampando. Wowotcherera amene akuti atsuka ndi madzi n'kuika moto mu ola limodziyo, thanki yako usamupatse. Usamupatse olo akhale wa mpingo wako.

Ine ndagwira ntchito ya maredieta ndi mathanki kuyambira nthawi imene ma 404 amenewa anali galimoto za mabwana. Chimene anthu sakhulupirira n'chakuti thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza. Chimaphulika si madzi a petulowo ayi, ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya. Petulo amabisala m'mipendero momwe zitsulo ziwiri zinapindidwa pamodzi, amabisala m'dzimbiri lenilenilo, ndiye ukaitsuka kamodzi imaoneka ngati yayera, koma moto ukangotenthetsa chitsulo nthunzi ija imatulukanso. Ndili mnyamata, pa galaja ina imene sinditchula, mnzathu anayandikitsa tochi ya gasi pa thanki imene inakhala padzuwa sabata yathunthu, chivundikiro chili chotsegula. Thankiyo inatupa ngati chitumbuwa, mpendero unang'ambika, ndipo mnzathuyo khutu limodzi silinamvenso mpaka lero. Anali ndi mwayi.

Ena amalowetsa utsi wa galimoto ina m'thanki powotcherera, akuti umathamangitsa mpweya. Ndinaziona, ndinazichitapo ndili wopusa, sindingakuuze kuti uchite. Injini ikakhala yosapsereza bwino mafuta, utsi womwewo umalowetsamo zina zoyaka.

Tsono za funso lako. Yamba kutsuka, mabowo pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti iwe ukuona mabowo awiri, koma ine ndikukuuza kuti alipo ambiri, panopa atsekedwa ndi dzimbiri lomwelo. Ukamata awiriwo lero, mwezi wamawa atseguka ena pambali. Uyenera kuona kaye kuti chitsulo chenicheni chatsala chochuluka bwanji.

Chotsa chilichonse chochotseka: geji, chivundikiro, kabawuti kokhetsera mafuta pansi ngati kakulola. Thiramo madzi otentha ndi sopo wa ufa wambiri, gwedeza, taya, bwereza mpaka fungo la petulo lichepe. Kenako ponyamo manati ndi mabawuti akale odzaza manja awiri, kapena tcheni chachifupi. Uwerenge manatiwo usanaponye, ulembe nambala pakhoma ndi khala, chifukwa mkati mwa thanki muli timakoma toletsa mafuta kukhavukira uku ndi uku, ndipo nati imodzi ikakakamira kumeneko idzakuimbira nyimbo zaka zonse. Miyala ya kwale ine sindiikonda, imasiya mchenga. Gwedezani awiri ndi mphwakoyo, mbali zonse, mpaka mikono iwawe, kenako tsukani. Mudzadabwa zimene zituluke.

Asidi wa batire iwala. Amadya dzimbiri, inde, koma sadziwa pomwe dzimbiri lathera, amapitirira kudya chitsulo, ndipo pamene wanena kuti pakuvomera chala paja padzasanduka sefa ya ufa. Kuwonjezera apo akakudonthera m'maso nkhani yatha.

Ikayera, tseka makomo onse, upope mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, pang'ono zedi, usagwiritse kompuresa ya matayala chifukwa thanki si tayala, itupa. Paka thovu la sopo kunja konse. Paliponse pamene pakutuluka thovu zunguliza ndi choko.

Mabowo akakhala ang'onoang'ono ndi owerengeka, ntchito yake si yowotcherera ayi, ndi ya mtovu. Mathanki akalewa ambiri anakutidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini, ndiye mtovu womatira umagwira bwino ukapala pamalopo mpaka pawale. Timatenthetsa chitsulo cha kopa chija pa mbaula kutali uko, n'kubwera nacho chotentha koma chopanda lawi. Pamene pafooka kwambiri timadula kachigamba ka kopa kapena ka chitsulo chopyapyala n'kukamata ndi mtovu kuzungulira. Pita kwa munthu wa maredieta, osati wa mageti ndi mawindo. Koma pansi ponse pakakhala ngati sefa, pamenepo tikambirananso.

Za chigubu chili kuseri kwa mpandocho, mayi akunyumba akunena zoona.

SientaBoy_Zolozolo analemba:

Akulu, ndi ulemu wonse, ndalama mukuthira mu gogo ameneyu bwenzi mutayamba kusonkhera ka Sienta, pofika Disembala kakubwezerani. Kikiki. Koma poti mwaikonda, ine ndinaona madala ena pa Ekwendeni thanki ikudontha anangopaka sopo wa mtanda pabowo, n'kufika nayo m'tauni bwinobwino. Petulo sasungunula sopo. Yesani, ndi ya ulere.

Aphunzitsi_Katoto analemba:

Achimwene a ku Zolozolo, za sopozo n'zoona, petulo samusungunula, koma madzi amamusungunula. Ku Mzuzu kuno kumene mvula imagwa ngakhale anzathu a ku Lilongwe atayamba kale kukolola, sopoyo atha pa chithaphwi choyamba. Ndi nzeru yofikira nayo kunyumba usiku, osati yokonzera galimoto.

A Wa404, ine si makaniko, ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, koma ndinatsukapo thanki ya njinga yamoto yanga komanso ya Land Rover yakale ya mpingo wathu. Madala anena zonse zofunika pa nkhani ya moto, ine ndingowonjezera za chimene chinadya thanki yanuyo ndi njira zochotsera dzimbiri lotsala manati akamaliza ntchito yawo.

Dzimbiri limafuna zinthu ziwiri, madzi ndi mpweya. Thanki ikakhala ndi mafuta ochepa, malo otsalawo amadzaza mpweya, ndipo mpweya wa kuno ndi wachinyezi, inu mukudziwa chifunga cha m'mawa mu Juni ndi Julayi. Masana thanki imafunda, usiku imazizira, chinyezi chija chimasanduka timadontho m'makoma mwa thanki ngati mame pa malata. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amatsikira pansi n'kukhala pamenepo. N'chifukwa chake mabowo anu ali pansi. Zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mtengo wa mapeyala, usiku uliwonse kadontho.

Palinso china. Petulo wathu ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, zinayamba kalekale mu 1982 ku Dwangwa, pambuyo pake anayambanso kupanga ku Chikwawa. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku ilibe nazo vuto kwenikweni. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo madzi akachuluka, iye ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukagona pansi pa thanki. Amaumitsanso mapaipi a labala akale amene sanapangidwire mafuta otere, ndiye pobwezeretsa thanki musinthiretu timapaipi tonse ta labala. Ndipo ngati bambo ankathirako mafuta a m'zigubu nthawi ya mizere ija, madzi ena analowera kumeneko.

Kuzima pa chitunda kuja ndi dzimbiri lomwelo. Injini ikamakoka mafuta ambiri, timagawo ta dzimbiri timathamangira pakamwa pa paipi n'kutseka. Ikazima kukoka kumatha, timagawo tija timagwa, mafuta amadutsanso. Kabuleta mukuivutitsa chabe.

Tsono zotsukira. Coca-Cola ali ndi asidi wotchedwa phosphoric, ndiye mlamu wanu sananame kotheratu, koma ndi wochepa kwambiri ndipo shuga ndiye wambiri. Kireti imeneyo mumwe pa tsiku loyesa galimoto. Viniga woyera wa m'shopu amagwira ntchito, pang'onopang'ono koma mosawononga chitsulo msanga. Kudzaza thanki ya malita pafupifupi 50 ndi viniga ndi ndalama zambiri, ndiye ine ndinagula malita khumi, ndikumatembenuza thanki tsiku lililonse kuti mbali iliyonse igonere m'viniga usiku umodzi kapena awiri. Mukapeza mankhwala ochotsera dzimbiri a m'mahadiweya olembedwa kuti muli phosphoric acid, amenewo ndi abwino koposa, chifukwa amasiya kachikopa kotuwa pa chitsulo kamene kamachedwetsa dzimbiri latsopano. Asidi wotsukira matailosi ndi zimbudzi uja musamuyese, ndi m'bale wake wa wa batire pa nkhanza.

Njira imene ine ndimaikonda ndi ya magetsi, mwina chifukwa cha ntchito yanga. Mumadzaza thanki ndi madzi osungunuliramo soda wochapira, supuni yaikulu imodzi pa malita anayi aliwonse. Akasowa, tengani soda wophikira yemweyu, mumukazinge wouma m'chiwaya kwa kanthawi, amasanduka wochapira. Mchere musathire, umatulutsa mpweya woipa. Kenako mulowetse kachitsulo ka ringi kotsala pomanga nyumba kudzera pakamwa pa thanki, kolenjekeka pa thabwa kuti kasakhudze thanki pena paliponse. Chitsulo chosachita dzimbiri chija, cha masupuni ndi masinki, musagwiritse, chimaipitsa madzi ndi poizoni. Waya wakuda wa chaja ya batire mumange pa thanki, wofiira pa kachitsulo. Musasinthanitse, mukasinthanitsa ndiye kuti thanki ndi imene idyeke. Pakapita maola ochepa madzi amayamba kuchita thovu lofiira, ndipo kachitsulo kaja kamavala matope a dzimbiri oti muzipala m'mawa ndi madzulo. Chitirani panja, chifukwa thovulo ndi mpweya wa hydrogen umene umayaka, ndipo muzizimitsa chaja musanagwire mawaya. Machaja atsopano anzeruwa nthawi zina amakana kuyamba akaona kuti palibe batire, wakale wolemera uja ndiye wabwino. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti imatsuka bwino malo okhawo amene akuyang'anizana ndi kachitsulo, kuseri kwa timakoma tija sikufika mokwanira. Ine ndinamalizira ndi viniga.

Chimene anthu ambiri amagwera ndi pomaliza. Mukataya viniga, tsukani ndi madzi a soda kuti asidi afe, kenako madzi oyera, kenako muumitse msangamsanga. Chitsulo choyera chonyowa chimachita dzimbiri lachikasu inu mukuona, tiyi asanazizire. Thiranimo botolo la spiriti, gwedezani kuti atenge madzi otsala m'makona, tayani, muike padzuwa makomo onse ali otsegula. Sankhani tsiku la dzuwa lenileni, osati la Mzuzu lija loti m'mawa kwawala masana kwachita mdima.

NyaLuwinga1400 analemba:

Monire mose. Ine ndi mayi wa bizinesi ya mbatata ndi kabichi, ndimayendera Nissan 1400 imene ndinagula kwa mzungu wina wopuma ntchito. Si yakale ngati 404 yanuyo achimwene, paja zimenezi ku South Africa anasiya kupanga mu 2008, koma yanga ndi ya zaka za m'ma 80 ndipo matenda ake anali omwewa.

Ndikufuna ndikuchenjezeni za mankhwala omatira mkati mwa thanki, chifukwa mukafufuza pa intaneti ndi amene aliyense akutchula, ndipo posachedwa wina akuuzani kuti muitanitse. Ine mchimwene wanga wa ku Johannesburg ananditumizira kachitini pa basi. Amati ukathira mkati n'kuzunguza thanki, amauma ngati chikopa, amatseka timabowo tonse ndipo dzimbiri silibweranso. Mnyamata amene anandichitira ntchitoyo anatsuka thanki m'mawa, masana n'kuthira mankhwala, kunja kukuwaza kamvula. Miyezi inayi yokha chikopa chija chinayamba kusupuka. Tsiku limene chinatseka paipi ndinali pa Chikangawa ndi matumba khumi ndi awiri a mbatata, foni yopanda netiweki, kuzizira kokhako. Titatsitsa thanki tinasolola chinthu chonga pepala la pulasitiki la shuga, chachitali ngati mkono wanga. Kuchotsa zotsalazo kunavuta kuposa dzimbiri loyamba lija.

Sindikunena kuti mankhwalawo ndi oipa. Pepala la malangizo linanena momveka kuti mkati muyenera kuuma gwa, popanda mafuta kapena kadontho ka madzi, ndipo muyembekeze masiku angapo musanathire petulo. Ife tinathamanga. Ndiye ngati mugwiritse, onetsetsani kuti alembapo zoti amapirira ethanol monga anenera aphunzitsi, ndipo muuziremo mpweya m'kapaipi kotulutsira mafuta asanaume, apo ayi mudzamata ndi njira ya mafuta yomwe.

Ine pamapeto pake ndinapeza thanki ina kwa munthu wophwasula galimoto ku Lilongwe. Ya 404 ivuta, koma musataye mtima msanga. Ma pikapu amenewa ku Kenya anapitiriza kuwamanga mpaka 1991, pamene ku France anali atasiya kalekale, ndiye kumtunda uku zipangizo zake zimapezekabe mwa apo ndi apo. Funsani amalonda a pa msika wa Taifa amene amapita ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam, muwapatse chithunzi ndi miyeso ya thanki yanu, m'litali, m'lifupi ndi pamene pali khosi lothirira. Muwauze kuti ndi ya pikapu, chifukwa ya saluni si yofanana. Ndipo musalipire musanaone chithunzi cha mkati mwake, mungagule dzimbiri la ku Tanzania kuwonjezera pa la ku Chibavi.

Kanthu kena kakang'ono: onani chivundikiro. Chili ndi kabowo kopumira, kakatsekeka galimoto imazimanso chimodzimodzi. Ine kanandidyera ndalama ya pampu yatsopano pachabe.

MadalaRedieta analemba:

Aphunzitsi, za magetsizo ndaphunzirapo, sindinayesepo, koma mawu anu omaliza aja oumitsa msanga ndi amene ndimakangana nawo anyamata anga tsiku lililonse. Pa viniga pokha ndionjezere: musamusiye sabata yathunthu n'kuiwala, amadyanso mtovu uja wokutira chitsulo pamene unatsalira.

Mayi a ku Luwinga, pepani ndi za pa Chikangawa. Ine mankhwala a mkatiwo ndimawakana pokhapokha thanki ikhale yoti ina sipezeka ndipo timabowo tachuluka moti mtovu sungathe. Thanki yoyera bwino, yomatidwa ndi mtovu, yopakidwa penti kunja, ndipo mwini wake n'kumaisunga yodzaza, imakhala zaka. Pratley amene akunena mphwakoyo amagwira ukapala chitsulo mpaka kuwala ndipo pali pouma, ndamuonapo atakhala chaka, koma pa dzimbiri kapena ponyowa ndi petulo amagwa ngati nkhanambo.

Wa404_Chibavi analemba:

Pepani ndinasowa masabata atatu, ndimafuna ndibwere ndi zoti ndanena ndachita.

Madala, munalosera. Tinaponyamo manati 40, ndinalemba pakhoma la bafa ndi khala monga munanenera, ndipo titagwedeza ndi mphwanga mpaka thukuta, zimene zinatuluka zinadzaza chitini cha Blue Band chachikulu chija. Munalinso kansalu kena, ndikuganiza bambo anatsekerapo pakamwa tsiku lina chivundikiro chitasowa. Manati anatuluka 39. Imodzi tinalimbana nayo madzulo onse mpaka mwana wanga wamkazi anabwera ndi nzeru yomangirira maginito a sipika yakale ku waya.

Kenako ndinachita za aphunzitsi. Chaja yakale ndinabwereka kwa wokonza mabatire wina, soda ndinakazinga m'chiwaya cha akunyumba iwo atapita ku msika. Inatenga masiku anayi m'malo mwa awiri chifukwa magetsi amangozimazima. Kachitsulo ka ringi kaja kanadyeka mpaka kuonda ngati waya. Pambuyo pake viniga malita khumi, masiku atatu, kutembenuza m'mawa uliwonse. Poumitsa ndinalakwitsa koyamba, ndinatsuka madzulo dzuwa litapita, m'mawa ndinapeza mkati mwachita chikasu, ndinabwerezanso viniga tsiku lina limodzi. Kachiwiri ndinayamba 9 koloko m'mawa, spiriti, kenako padenga la malata mpaka madzulo.

Popopa ndi pampu ya njinga mabowo anapezeka khumi ndi limodzi, osati awiri. Asanu ndi anayi ali pamalo amodzi ngati chikhatho changa, pomwe pamavomera chala paja, awiri ali pa mpendero. Ndinapita nayo kwa bambo wina wa maredieta, ndinakhala pomwepo kuonerera, ndipo anachita ndendende monga munafotokozera, mbaula uko thanki kuno. Pa chikhathopo anaika chigamba cha kopa. Titapopanso thovu silinatuluke. Iwo anati thankiyi ndiyende nayo koma ndisaleke kusaka ina, chifukwa pafupi ndi chigambacho chitsulo sichikuwasangalatsa. Mankhwala a mkati sindinathire, mayi a ku Luwinga munandiopsa mokwanira. Chithunzi ndi miyeso ndapereka kwa mayi wina wa pa Taifa amene akupita ku Dar mwezi wamawa.

Kunja ndapaka penti yofiira yoletsa dzimbiri ndi yakuda pamwamba, pa malamba ogwira thanki ndaika zidutswa za chubu kuti zitsulo zisakhulane. Timapaipi ta labala ndasintha tonse, paipi yachitsulo yopita kutsogolo ndinaiuzira ndi pampu ndipo inalavula zakezake. Ndaika fyuluta yoonekera mkati pafupi ndi pampu kuti ndiziona zimene zikubwera. Chigubu chabwerera ku ntchito yake yotungira madzi, titachitsuka kasanu, ngakhale akunyumba akuti chikununkhabe ndipo chizikhala cha kumunda.

Lamulungu tinatsetsereka nayo mpaka ku Nkhata Bay, akunyumba kutsogolo, ana kumbuyo ndi mphwanga. Kutsika sindinade nkhawa, nkhawa inali pobwera pa zitunda zija. Inakwera pa giya yachiwiri ikulira ngati ng'ombe koma sinatsokomole olo kamodzi. SientaBoy, anzanu atatu anatipitirira pa chitunda, mmodzi anatiimbira hutala.

Tsopano china chatulukira. Chibwezeretsereni thanki, geji ikungoloza pa hafu, kaya ndathira malita asanu kaya makumi atatu. Choyandama chija ndinachiyesa m'beseni, chikuyandama bwinobwino. Ndikukayikira kuti penti ndinapaka yambiri pamene chimakhudzana ndi thanki, mwina waya wa ethi sakugwira. Madala, ndipale pentiyo pa mabawuti a geji pokha, kapena ndikokere waya wina kuchokera pa geji kupita ku tchesisi?